Phokoso pa wailesi: kusiyanitsa chingwe cha coax chowonongeka ndi zosokoneza za magetsi

Wailesi ikayamba kusokosera, kapena masiteshoni omwe ankamveka bwinobwino akazimiririka, ambiri amathamangira kugula preamp (kachida kokweza siginolo), eriyo ina, mwinanso wailesi yatsopano. Dikirani kaye. Siginolo imachoka pa eriyo, kudutsa pa balun kapena transformer (zida zolumikizira eriyo ndi chingwe), kulowa m'chingwe cha coax, kuwoloka makonekita angapo, ndiye kufika mu wailesi. Phokoso lili ndi khomo lomwe likulowera pa ulendo umenewu, ndipo ntchito yathu ndi kuudula ulendowo m'zigawo mpaka khomolo lioneke. Muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo muzilemba zomwe mwaona musanagwire china. Mukasintha zitatu nthawi imodzi phokoso n'kutha, simudzadziwa chomwe chachiza, ndipo likadzabweranso mudzayambira pomwe munayambira.

Zida zake si zambiri: multimeter (choyezera magetsi), dummy load ya 50 ohm (resistor yoika m'malo mwa eriyo), batire la 12 V, kachingwe kakafupi ka coax komwe mukukadalira, ndi kawailesi ka m'manja ka AM. Popeza pano tikungomvetsera, resistor ya 47 kapena 51 ohm yowotcherera mkati mwa konekita ikwanira kukhala dummy load, bola musayerekeze kuulutsa mawu kudzera mwa iyo. Ngati muli ndi NanoVNA, kachida koyezera zingwe ndi ma eriyo, ntchito ipepuka kwambiri. Kukakhala mabingu musagwire chingwe, ndipo makwerero kapena chitsulo cha eriyo zisayandikire mawaya a magetsi.

Lembani poyambira

Sankhani malo atatu kapena anayi opanda siteshoni, mwachitsanzo pa 3.5, 7, 14 ndi 28 MHz, ndipo lembani pomwe S-meter (singano yoonetsa mphamvu ya siginolo) yaima, pamodzi ndi nthawi. Preamp, fyuluta ndi mode zikhale chimodzimodzi nthawi zonse pomwe mukuyeza. Pa pepala, S imodzi ndi 6 dB (dB ndi muyezo wa kusiyana kwa mphamvu) ndipo S9 pa HF (mafunde a 3 mpaka 30 MHz) ndi 50 µV pa 50 ohm, koma mawailesi ambiri satsata zimenezi ndendende, choncho manambala anu muziwayerekeza ndi anu omwe. Amene ali ndi SDR, wailesi yoyendetsedwa ndi pulogalamu ya kompyuta, ali ndi mwayi, chifukwa imaonetsa ma dB mwachindunji komanso maonekedwe a phokosolo pa waterfall, chithunzi choyenda cha mafunde pa sikirini.

Musanaimbe mlandu chingwe, tsimikizani kuti si mlengalenga womwe watseka. Dzuwa likaphulika mwamphamvu, HF imatha kungoti zii kwa mphindi zambiri mbali ya dziko yomwe kuli masana. Mvetserani ma beacon (masiteshoni ongoulutsa chizindikiro) a mabungwe a NCDXF ndi IARU pa 14.100 MHz, omwe alipo 18 ndipo amasinthana m'mphindi zitatu zilizonse, kapena mauthenga a kompyuta a FT8 pa 14.074 MHz. Kenako tsegulani KiwiSDR kapena WebSDR (wailesi yomvetsera kudzera pa intaneti) ya dera loyandikira. Ngati nayonso sikumva kanthu, zida zanu zilibe mlandu.

Batani la ATT

Kuyeza uku n'kwa mphindi imodzi yokha. Sakani phokoso kapena siteshoni yachilendo yomwe ikumveka pomwe siyenera kukhala, ndiye yatsani attenuator ya 10 dB (batani la ATT, lochepetsa siginolo yolowa). Siginolo yeniyeni imatsika ndi 10 dB yomweyo. Koma ngati chinthucho chagwa ndi 20 kapena 30 dB, kapena chasoweratu, ndiye kuti chimabadwira mkati mwa wailesi yanu. Masiteshoni amphamvu a MW (AM wamba) kapena a FM, apakati pa 87.5 ndi 108 MHz, amadzaza khomo la wailesi, n'kusakanikirana, n'kubala masiteshoni abodza. Ma SDR a mtundu wa RTL-SDR, omwe ADC yake (chosandutsa siginolo kukhala manambala) ndi ya 8 bit, amagwa msanga m'vuto limeneli akalumikizidwa ku eriyo yaitali. Mankhwala ake ndi kuchepetsa gain, kuzimitsa preamp, kapena kuika fyuluta yotchinga MW kapena FM patsogolo pa wailesi. Pa 1.8, 3.5 ndi 7 MHz preamp nthawi zambiri ilibe phindu, chifukwa phokoso lochokera kunja limaposa kale la mkati mwa wailesi.

Dummy load, kawiri

Chotsani chingwe kuseri kwa wailesi, ikanipo dummy load. Phokoso liyenera kugwa mpaka pansi, kungotsala kaphokoso kosalala ka wailesi yeniyeniyo. Likapanda kugwa, vuto lili patebulo pomwepo: power supply, chingwe cha USB, kompyuta kapena sikirini. Yendetsani wailesi ndi batire, zulani zingwe zina zonse, muzibwezeretsa chimodzichimodzi.

Likagwa, bwezerani chingwe, tengani dummy load mupite nayo kumapeto kwina, muchotse eriyo n'kuika dummy load m'malo mwake. Tsopano wailesi ikumvetsera chingwe chokha. Coax yabwino ndi yogontha: ukonde wa waya womwe wazungulira waya wapakati umatchinga pafupifupi mafunde onse akunja, ndipo S-meter iyenera kuima pafupifupi pomwe inaima dummy load ili kuseri kwa wailesi. Mukamva masiteshoni a MW akulankhula momveka, kapena phokoso la m'nyumba likubwera ndithu, ukondewo waduka penapake kapena sukugwira bwino pa konekita. Uzani wina agwedeze chingwe ndi konekita iliyonse inu mukumvetsera. Pomwe pamveke "thethethe" akagwira, ndi pomwepo.

Palinso chizindikiro china chomwe chimanamiza anthu ambiri. Eriyo ikalumikizidwa, phokoso liyenera kukwera kuposa la dummy load, makamaka pa HF. Wina akaona S-meter yatsika kuchoka pa S7 kufika pa S1 amasangalala kuti phokoso latha, chonsecho waya wapakati waduka ndipo wailesi sikumva chilichonse. Chete wa mtundu umenewo ndi matenda. Chomwe tikufuna ndi mpata wa pakati pa siginolo ndi phokoso, osati kutsika kwa singano kokha.

Kuyeza chingwe chenichenicho

Masulani mbali zonse ziwiri. Izi n'zofunika, chifukwa balun, transformer, loop ndi folded dipole zimaonetsa shoti pa multimeter ngakhale zili bwinobwino, ndipo anthu ataya zingwe zabwino chifukwa choyeza eriyo ili chilumikizire. Ikani multimeter pa ma ohm apamwamba kwambiri, yezani pakati pa pini yapakati ndi thupi la konekita. Iyenera kuonetsa kuti palibe kulumikizana konse. Ikaonetsa 0 pali shoti, ndipo kawirikawiri ndi kawaya kamodzi ka ukonde komwe kakhudza pini mkati mwa konekita ya PL-259, kapena pulasitiki yomwe inasungunuka powotcherera. Ikaonetsa nambala ina iliyonse, ngakhale ya ma kilo-ohm mazana, ganizirani madzi. Musagwire nsonga za multimeter ndi zala poyeza, chifukwa mudzayeza thupi lanu.

Kenako lumikizani pini ndi thupi la konekita kumapeto kwina ndi kawaya kakafupi, muyezenso. Coax ya mtundu wa RG-58 ya mamita 20 iwerenga pafupifupi 1 ohm, RG-213 yochepera pamenepo. RG-6 yambiri ili ndi waya wapakati wachitsulo wongokutidwa ndi kopa, ndiye ma ohm angapo pa chingwe chachitali si chachilendo. Nambala ikamavina mukagwedeza chingwe, pali polekeza.

Ngati chaduka, multimeter yoyeza capacitance ikhoza kukuuzani pomwe chadukira. RG-58 ndi RG-213 zili ndi pafupifupi 100 pF pa mita iliyonse, ndiye chingwe cha mamita 20 chosalumikizidwa kumapeto chiyenera kuwerenga 2 nF. Mukapeza 1.2 nF, pitani mukaone pa mita ya 12 kuchokera pomwe mwaima. Ya RG-6 ndi yocheperako, pang'ono kupitirira 50 pF pa mita.

Koma multimeter ili ndi malire ake. Chingwe chikhoza kupambana mayeso onsewa, chikumezabe theka la siginolo. Apa ndi pomwe NanoVNA imathandiza. Musanailumikize, gunditsani pini ndi thupi la konekita kuti magetsi omwe aunjikana m'chingwe atuluke, chifukwa kachida aka sikachedwa kupsa. Siyani mapeto akutali osalumikizidwa, yezani return loss, kuchepa kwa siginolo yobwerera poyerekeza ndi yomwe inapita. Siginolo imapita, n'kugunda kumapeto, n'kubwerera, kotero yadutsa m'chingwe kawiri. Gawani nambalayo pawiri: return loss ya 6 dB ikutanthauza kuti chingwe chikutaya 3 dB, lomwe ndi theka la mphamvu. Yerekezani ndi zomwe opanga chingwecho analemba. RG-58 yatsopano ya mamita 30 imataya pafupifupi 1.5 dB pa 10 MHz koma pafupifupi 6 dB pa 144 MHz, pomwe RG-213 imataya theka la zimenezo kapena kucheperapo. Chingwe chonyowa chimaonekera kwambiri kumtunda, n'chifukwa chake ena amadabwa kuti 7 MHz ikumveka koma 144 MHz yafa.

Pano pali msampha wa SWR (nambala yomwe imakwera siginolo yambiri ikamabwerera kuchokera ku eriyo), womwe ife okonda kuulutsa tinazolowera kuupembedza. Chingwe chikamaola, SWR imaoneka yokongola. Chotaya 10 dB chimaonetsa SWR ya 1.2 ngakhale kumapeto kulibe eriyo n'komwe, chifukwa siginolo yobwerera yathera m'njira. Eriyo yomwe kale inali ndi malo amodzi opapatiza a SWR yotsika, lero n'kukhala yosalala pa bandi yonse, sinachire ayi. Yezani chingwe.

NanoVNA imapezanso podukira. Ili ndi njira yotchedwa TDR yomwe imaonetsa mtunda mwachindunji, bola muiuze velocity factor (liwiro la siginolo m'chingwe poyerekeza ndi la kuwala) yoyenera: 0.66 pa zingwe za polyethylene yolimba monga RG-58 ndi RG-213, ndi 0.80 mpaka 0.85 pa za thovu monga RG-6 ndi LMR-400. Mukhozanso kuwerengera nokha. Chingwe chotsegula kumapeto chimaoneka ngati shoti pa frequency yomwe kutalika kwake ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a funde. Chulukitsani 75 ndi velocity factor, gawani ndi frequency yoyamba ya shotiyo mu MHz, mupeza mamita. Chingwe cha mamita 20 cha 0.66 chiyenera kuonetsa shoti pafupi ndi 2.5 MHz. Chikaonetsa pa 3.3 MHz, siginolo ikubwerera pa mita ya 15.

Madzi

Zingwe zambiri zimafa ndi madzi, ndipo amalowera pa konekita ya kunja. PL-259 sinapangidwe kuti itchinge mvula. Konekita ya mtundu wa N ili ndi mphira wotchinga, komabe nayonso imafunika kukulunga. Madzi akangolowa, ukonde umawakoka ngati chingwe cha nyali chikukoka mafuta, ndipo amatha kuyenda mamita ambiri. Dulani konekita, sendani khungu lakunja pang'ono, muone ukondewo. Ukakhala wowala, uli bwino. Ukakhala wakuda kapena wobiriwira, dulaninso mita imodzi, muonenso, mpaka mupeze wowala. Ngati mwadula kangapo koma ukadali wakuda, tayani chingwe chonse. Kuchiyanika padzuwa sikuthandiza, chifukwa timawaya ta ukonde tikachita dzimbiri sitigwiranso tokhatokha.

Yendani m'mbali mwa chingwe chonse, mukuchisisita ndi dzanja. Fufuzani pomwe makoswe atafuna, pomwe chitseko kapena zenera chachifinya, pomwe khungu lang'ambika ndi dzuwa, ndi pomwe chapindidwa kwambiri. Pa zingwe za thovu, kupinda kothina pamalo otentha kumachititsa waya wapakati kusuntha pang'onopang'ono mpaka kuyandikira ukonde. Poika konekita yatsopano, kulungani ndi tepi ya mphira yomwe imadzimata yokha, kuyambira pansi kukwera mmwamba, ndiye pamwamba pake tepi ya magetsi yoteteza ku dzuwa. Chingwe chisanalowe m'nyumba, chitsike kaye pang'ono n'kukweranso kuti madzi azidontha panja.

Za RG-6 ndinenepo, poti ena amainyoza kuti ndi ya TV. Pomvetsera ndi chingwe chabwino kwambiri. Kusiyana kwa 75 ndi 50 ohm kumapereka SWR ya 1.5 ndipo kumataya zosakwana 0.2 dB, zomwe khutu silingamve. Vuto lake ndi lakuti ukonde wake nthawi zambiri ndi wa aluminiyamu, sugwira mtovu. Gwiritsani ntchito makonekita a F ofinya ndi chida chake, osati opotokola ndi manja aja, omwe amamasuka okha.

Ngati eriyo yanu ndi ya active, monga mini-whip kapena loop yokhala ndi amplifier, magetsi ake amadutsa mu coax momwemo kudzera pa bias tee, kachida kolowetsa magetsi m'chingwe. Yezani voteji kumapeto, amplifier ili chilumikizire, chifukwa konekita ya dzimbiri imaonetsa 12 V yathunthu ikakhala yopanda katundu, n'kugwa ikangosenza. Magetsi a DC akakumana ndi chinyezi amadya chitsulo mwachangu ndipo amabala phokoso lothetheka losalekeza. Yesaninso kudyetsa bias tee ndi batire. Adaputala yotchipa ya pakhoma ikhoza kukhala ikuthira phokoso lake molunjika mu waya wapakati. Pa eriyo ya Beverage, yezani resistor ya kumapeto, yomwe imakhala ya pafupifupi 450 ohm, ndi transformer yake ya 9:1. Mphezi yogwa patali imaziwononga popanda kusiya chipsera chooneka.

Chingwe chili bwino, phokoso lilipobe

Mwina kunja kwa ukonde kukugwira ntchito ngati eriyo yachiwiri. Pa ma frequency a wailesi, mkati ndi kunja kwa ukonde zili ngati mawaya awiri osiyana. Kunjako kumatola phokoso la kompyuta ndi mawaya a m'nyumba, n'kulinyamula mpaka pa eriyo, pomwe limakhotera mkati n'kubwerera ku wailesi pamodzi ndi siginolo. Izi ndi zomwe amazitcha common mode, ndipo dummy load yotsekeka bwino siziona. Zizindikiro zake: phokoso limasintha mukagwira konekita ndi dzanja, mukasuntha chingwe, kapena mukachiwonjezera kutalika. Loop yomwe iyenera kukhala ndi mbali yosamva imamva mbali zonse. Ma eriyo a siginolo yochepa, monga K9AY, flag ndi mini-whip, ndi omwe amavutika kwambiri.

Mankhwala ndi choke, chotchinga mafunde oyenda kunja kwa ukonde. Tengani mphete ya ferrite ya FT240-31, zungulizanipo coax yopyapyala ka 10 mpaka 12, muike pomwe chingwe chikulumikizana ndi eriyo, ina pomwe chikulowera m'nyumba. Ferrite ya mtundu wa mix 31 imagwira bwino HF yonse makamaka kumunsi, 43 imakonda kumtunda kwa HF ndi VHF, ndipo pansi pa 2 MHz ambiri amasankha 75 kapena 77. Mphamvu ya choke imakula mofulumira ndi kuchuluka kwa mizungulire: iwiri imapereka pafupifupi kanayi kuposa umodzi. N'chifukwa chake ka ferrite kongopana kamodzi pa chingwe sikachita kanthu pa 3.5 MHz, ngakhale ambiri amakagula ndi chiyembekezo. Kulumikiza ukonde ku ndodo ya earth panja, pakati pa ma choke awiriwo, kumathandiza, monganso kukwirira chingwe ngati chili cha mtundu wololedwa kukwiriridwa. Earth ya chitetezo ya magetsi a m'nyumba musaichotse pofuna kuchepetsa phokoso, ngakhale wina akulangizeni motero.

Zimitsani nyumba yonse

Wailesi ikhale pa batire, eriyo ili chilumikizire, ndiye zimitsani swichi yaikulu ya magetsi. Kumbukirani zomwe sizizima nayo: UPS, inveta, chowongolera cha sola, laputopu. Sola muyenera kuizimitsa payokha motsata malangizo a opanga. Phokoso likagwa, gwero lili m'nyumba mwanu, ndipo imeneyo ndi nkhani yabwino chifukwa muli ndi mphamvu pa ilo. Yatsani ma breaker amodziamodzi mpaka libwerere, kenako zulani zida za pa mzere umenewo pakhoma. Kuzimitsa ndi rimoti sikukwanira, power supply yake imakhala ikugwirabe ntchito.

Khutu ndi waterfall zimafupikitsa kusaka. Machaja a foni, mababu a LED ndi ma power supply a switching amaonetsa timapiri ta phokoso totalikirana mofanana, ma kHz makumi angapo, ndipo timasuntha pang'onopang'ono chidacho chikamatentha. Phokoso lomwe limadzuka ndi dzuwa n'kugona madzulo kawirikawiri ndi la sola. Zida zotumiza intaneti kudzera m'mawaya a magetsi zimaphimba dera lalikulu la 2 mpaka 30 MHz. Zingwe za Ethernet zimabala timalikhweru tosasuntha. Mpanda wamagetsi umati "tche, tche" pafupifupi sekondi iliyonse. Kuphulika kwa apa ndi apo kopanda ndondomeko, makamaka usiku pa 1.8 ndi 3.5 MHz, ndi mphezi zakutali, QRN, ndipo palibe swichi yozimitsira zimenezo.

Mukachipeza chidacho, njira yachidule ndi kuchisintha. Chaja yaphokoso kuichiza ndi ferrite kumadya nthawi kuposa kupeza ina. Pa zida zomwe simungataye, monga inveta, zungulizani mawaya ake pa mphete za mix 31 pafupi penipeni ndi chidacho, mawaya onse a mzere umodzi pamodzi, ndipo mawaya a DC ochokera ku sola ayende mophatikizana, asapange chizungulire chachikulu padenga. Noise blanker ya wailesi, batani lodula phokoso, imathandiza pa phokoso la kugunda monga la mpanda, koma pa la switching ilibe mphamvu, ndipo pakakhala masiteshoni amphamvu pafupi imawononga mawu.

Likakhala la kunja

Phokoso likatsala nyumba yonse itazima, tengani kawailesi ka AM muyende nako. Mkati mwake muli ndodo ya ferrite yogona motsata m'litali mwa wailesi, ndipo phokoso limachepa kwambiri nsonga ya ndodoyo ikaloza komwe likuchokera. Tengani mzere pamalo awiri otalikirana, muone pomwe ikukumana. Chenjerani kuti pa MW phokoso limayenda m'mawaya a magetsi mtunda wautali, ndipo pholo lililonse limamveka ngati ndilo lolakwa. Mukamayandikira, kwerani frequency ngati wailesi yanu imafika kumtunda. Pa AM ya bandi ya ndege, 118 mpaka 137 MHz, limamveka pafupi ndi gwero pokha.

Kuthetheka kwa pa mawaya a magetsi kumadziwika ndi kulira kokhakhala kwa 100 pa sekondi komwe magetsi ndi a 50 Hz, kapena 120 komwe ndi a 60 Hz. Kumafalikira ma bandi onse mopanda mipata, kumakula kukauma ndi kukawomba mphepo, ndipo nthawi zambiri kumaleka mvula ikagwa. Pholo musalimenye, musaligwedeze, musakoke waya wake wolimbitsira. Lembani nambala yake, masiku ndi nthawi zomwe phokoso limamveka, ndi momwe nyengo inalili, jambulani mawu ake, ndiye mukapereke ku kampani ya magetsi. Auzeni kuti pali chitsulo chomwe chikuthetheka pa pholo lakuti, chifukwa kwa iwo chimenecho ndi chizindikiro cha chida chomwe chikuwonongeka, ndipo amachitapo kanthu msanga kuposa mukangoti wailesi ikusokosera.

Likakhala la kwa aneba, pitani ndi kawailesi kaja kuti adzimvere okha phokoso likuleka chida chawo chikazulidwa. Musatsegule kapena kukonza chida cha munthu wina. Ngati ndi chaja kapena babu, kuwapatsa china chabwino m'malo mwake kumatha nkhani mwamtendere. Zikakanika, bungwe loyang'anira mafunde a wailesi m'dziko lanu ndi lomwe limalandira madandaulo otere, ndipo lidzafuna zolemba zanu zija. Pomwe gwero silingachotsedwe, sunthani eriyo. Mamita khumi okha kutalikira nyumba amatsitsa phokoso la zida zapafupi kwambiri, ndipo loop yaying'ono mukhoza kuitembenuza mpaka mbali yake yosamva iloze komwe phokoso likuchokera.